Ulendo wa Selufu: Kuyambira pa Madooko a Zambezi Kufikira pa Mabwalo a Ndege

Lero sitikamba za fodya kapena za akalozera ai. Tikamba za ulendo, pakuti m'dziko muno mulibe mudzi umene sunatulutsepo munthu wopita kunja, ndipo masiku ano ana athu ena amapita pa ndege atadzigulira okha matikiti. Ambiri amafika bwino. Koma alipo ena amene amabwezedwa pa njira ndalama zonse zitatha, ndalama zimene kapena zinachokera ku ng'ombe ya atate ao kapena ku mtedza wa chaka chathunthu. Mukafunsitsa mupeza kuti otere kawirikawiri amakodwa pakati pa ulendo, pamalo pamene anatsika ndege ina kuti akwere inzache. Msampha umenewu ngwakale. Makolo athu anaudziwa ndege zisanayambe kutera kuno, ndipo tikamva m'mene iwo anayendera tidzatha kulangiza bwino ana amene ali kufuna kuchoka lero.

JOINI NDI SELUFU

Golide anapezeka ku Johannesburg m'chaka cha 1886, ndipo pasanapite zaka zambiri migodi ina inatseguka ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Kuno kwathu Boma la Angelezi linaika msonkho wa nyumba, umene m'chaka cha 1894 unali masheleni 3. Ndalama zinali zosowa, malipiro a m'minda ya Azungu anali ochepa, koma kum'mwera munthu anali kulandira zochulukirapo. Chomwecho amuna anayamba kuchoka.

Machokedwe anali a mitundu iwiri. Wina anali kulembetsa kwa olemba anthu nchito, ndiye kuti walowa joini. Eni nchito anali kumnyamula, kumdyetsa ndi kumuolotsa malire onse. Wina anali kudziyendera yekha ndi kamba wache, nakafuna yekha nchito kumene wafika. Ameneyu anthu anali kuti wapita selufu.

Olemba anthu amene anamveka koposa ndiwo a Wenela, bungwe la eni migodi ya golide. Iwo anatenga gulu loyamba kuno m'chaka cha 1903. Koma anthu ochokera ku maiko otentha anafa ambiri ndi chibayo m'makomboni a ku Joni, kotero kuti m'chaka cha 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba munthu wochokera kumpoto kwa mzere wa pa mapu umene upita pafupi ndi mtsinje wa Limpopo. Kuyambira pamenepo, kwa zaka ngati 20, munthu wa kuno wofuna ku Joni analibe njira ina koma selufu basi, ndipo pa lamulo la kumeneko anali mlendo woletsedwa.

ZIPATA ZA PA NJIRA YA PANSI

Tiyeni tiitsate njira imene anali kuyenda. A pakati ndi a kum'mwera anali kutulukira ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mwanza, nalowa dziko la Apwitikizi, nafika ku Tete, naoloka Zambezi pa bwato, nalowa Rhodesia cha ku Mtoko mpaka ku Salisbury, amene lero ndi Harare. Ambiri a kumpoto anali kudzera ku Fort Jameson, amene lero ndi Chipata, nakaolokera ku Feira. Unali ulendo wa masabata ambiri, ndipo anali kuyenda m'magulu chifukwa cha mikango ndi achifwamba.

Dziko lililonse linali ndi lamulo lache. Kwa Apwitikizi asilikali anatha kumgwira munthu wongodutsa ndi kumtumiza ku nchito yokakamiza ya chibalo. Polowa Rhodesia anayenera kukaonekera ku ofesi ya mapasi, kuti amlembe ndi kumpatsa pasi yofunira nchito ya masiku owerengeka. Kamba akamthera asanafike ku tauni, njala inali kumgwetsa m'manja mwa olemba anthu odikira pa madooko, nakathera ku mgodi kapena ku famu imene mwini sakanaisankha. Cha ku Limpopo kunalinso akathyali olonjeza nchito yabwino ku Joni, koma nakatula anthu ku mafamu a mbatata a ku Bethal, kumene nkhanza zache zinaululidwa m'manyuzipepala m'chaka cha 1947 ndiponso cha 1952.

Taonani kuti onsewa anali kudikira pa malo ofanana: pa dooko, pa malire, pa siteshoni, pamene chigawo china cha ulendo chatha ndi china chisanayambe. Pamenepo mpamene mlendo ali wotopa, kamba wachepa, ndi pepala limene ali nalo latha mphamvu.

Ochenjera anali kuudula ulendo pang'ono pang'ono. Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, anachoka m'chaka cha 1915, nagwira nchito kwa Apwitikizi ndi m'migodi ya ku Rhodesia, nafika ku Cape Town m'chaka cha 1918, kumene anayambitsa bungwe lalikulu la anchito m'chaka cha 1919. Dr. Hastings Kamuzu Banda nayenso ali mnyamata anachoka ku Kasungu pansi, nayamba waima ku Hartley, kugwira nchito pa chipatala, asanapitirire ku South Africa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha. Awa anafika, koma ambiri amene maina ao sanalembedwe anathera pa njira.

CHITUPA

M'chaka cha 1935 ulalo wa njanji wa pa Zambezi, pakati pa Dona Ana ndi Sena, unatsegulidwa, kotero kuti wokhala ndi ndalama anatha kukwera sitima ku Blantyre, kusintha cha ku Beira, mpaka ku Umtali ndi ku Salisbury. Chaka chomwecho Bwanamkubwa anaika kabungwe, wapampando wache Travers Lacey, kuti kafufuze za anthu opita kunja. Kanapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja, ndiko kuposa mwamuna mmodzi pa anai alionse, ndi kuti ambiri a iwo anali atasanduka machona. Inu akuluakulu munamva kwa amai anu za midzi imene munatsala akazi ndi nkhalamba zokha, madenga osafolera ndi minda yosasosa.

Pofuna kukonza zimenezi, m'chaka cha 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anachita pangano ku Salisbury, lakuti wopita kukagwira nchito kunja ayambe watenga chitupa ku Boma la kwao, chonena kuti iye ndani ndipo achokera m'mudzi mwa yani. Boma la Southern Rhodesia, pofuna anchito, linaika magalimoto a Ulere onyamula anthu osalipiritsa, ndi zithando za chakudya m'njira. M'chaka cha 1946 linakhazikitsanso bungwe lolemba anthu a m'mafamu, limene kuno tinalitcha Mthandizi.

Tsono ambiri anali kukwera Ulere mpaka ku Salisbury, koma mtima uli ku Joni. Atapitirira kum'mwera anapeza kuti chitupa chimene chinawatsegulira chipata cha Rhodesia chinalibe mphamvu pa Limpopo. Ena anaolokera kutchire usiku, ena anagula mapepala a Apwitikizi nasintha maina, ena anagwidwa. Pepala limatsegula chipata chimene analilembera, ndipo chipata chotsatira chimafuna lache.

WENELA ABWERA NDI NDEGE

Chiletso cha 1913 chinafewetsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo a Wenela anabwerera. M'chaka cha 1952 anayamba kunyamula anthu pa ndege zaozao. Bwalo lao lalikulu linali ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland limene linakhala Botswana m'chaka cha 1966. Munthu anali kulembetsa pa depoti, dokotala namuyeza, nadinda chala. Kenaka ndege inali kumtenga ku Lilongwe kapena ku Chileka mpaka ku Francistown, nagona m'komboni, nakwera sitima yodzera ku Mafeking mpaka ku Johannesburg. Kotero alimi a m'midzi mwathu anali pakati pa anthu oyamba a mu Africa muno kuyenda pa ndege mwaunyinji, ambiri a iwo asanaonepo ndi sitima yomwe.

Ulendo umenewu unali wosinthasintha ndithu, wodutsa malire a maiko angapo, koma wa joini sanali kubvutika ndi zipata. Mndandanda wa maina unali ndi akapitao a Wenela. Ndege ikachedwa, a Wenela anali kumdyetsa ndi kumpezera malo pa sitima ina. Koma walira mvula walira matope. Mgodi anali kumsankhira ndi eni ache, malipiro anali ochepa, gawo la ndalama zache anali kukalandirira kumudzi joini itatha, ndipo ambiri anabwera ndi chifuwa cha fumbi la m'mgodi. Chifukwa chache amuna ambiri, makamaka a ku Nkhata Bay ndi ku Mzimba, anakondabe selufu, kuti akasankhe okha nchito ya m'hotela, ya m'nyumba kapena ya m'sitolo, ngakhale zipata zonse zinali pa mutu pao.

Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobwera ku Blantyre inagwa itangonyamuka ku Francistown, chifukwa mafuta ache anasakanizika ndi mafuta a mtundu wina. Mwa anthu 84 amene analimo anafa 78, ndipo oposa 70 anali Amalawi obwerera kwao joini itatha. Dr. Banda analetsa Wenela pomwepo. Kulemba kunayambanso m'chaka cha 1977 pa dzina la Theba, koma anthu anali ochepa, ndipo kunatheratu m'chaka cha 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Kuchokera pamenepo pafupifupi aliyense wopita ku Joni ndi wa selufu. Wokwera basi yodzera ku Tete amaonetsa pasipoti ku Mwanza, ku Zobue, ku Cuchamano, ku Nyamapanda, ndi mbali zonse ziwiri za Beitbridge.

ZIPATA ZITATU ZA PA BWALO LA NDEGE

Wina angayese kuti ndege, popeza iuluka pamwamba, ilibe malire. Iai. M'chaka cha 1944 maiko anapangana ku Chicago kuti dziko lililonse lili ndi ulamuliro pa mlengalenga mwache, ndi kuti wobwera pa ndege amvere malamulo a dzikolo. Chomwecho pa bwalo la ndege pali zipata zitatu.

Choyamba ncha olowa ndi otuluka, chimene anthu achitcha imigireshoni. Apa afuna pasipoti, ndiyo chitupa cha makono, ndiponso viza, ndiyo chilolezo cha dziko limene mufuna kulipondamo. M'chaka cha 1987 Britain inaika lamulo lolipitsa kampani ya ndege imene yabweretsa munthu wopanda mapepala oyenera, ndipo maiko ena ambiri ali ndi lamulo lotere. Ndicho chifukwa chache kalaliki wa kampani amayamba ndi iye kuona mapepala anu, ndipo akhoza kukukanizani kukwera muli konkuno.

Chachiwiri ncha kasitomu, kumene aona katundu, kuti pasalowe zoletsedwa ndi kuti zoyenera msonkho zikhome.

Chachitatu ncha chipikisheni. Chinayamba chifukwa cha anthu olanda ndege ndi mfuti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. M'mwezi wa January 1973 America inayamba kusecha wokwera aliyense. Malamulo anakhwimanso zitachitika ziwembu za pa 11 September 2001, ndipo kuyambira 2006 mabwalo ambiri salola kulowa ndi zamadzimadzi m'botolo loposa mamililita 100 m'chikwama cha m'manja. Mpeni ndi lumo zimatsala pomwepo.

TIKITI IMODZI NDI MATIKITI AWIRI

Wochoka ku Lilongwe kapena ku Chileka kupita ku Ulaya, ku America kapena ku Asia amasintha ndege pakati, kawirikawiri ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo nthawi zina asinthanso kachiwiri kutsogolo. Apa mpamene nkhani ya joini ndi selufu yabweranso.

Mwana wanu akagula ulendo wonse pa tikiti imodzi, kampani yabvomera kumfikitsa kumapeto. Sutukesi yache aimata chizindikiro cha kumene ali kupita, ndipo aisamutsa okha. Iye amadikira m'kati mwa mpanda wa ongodutsa, osalowa m'dziko. Ndege yoyamba ikachedwa, kampani imampezera ina.

Koma alipo amene amagula matikiti awiri kwa makampani awiri, poona kuti mtengo watsika. Ameneyu ali pa selufu. Kampani yoyamba nchito yache ithera pakati pomwepo, ndipo yachiwiri sidziwa kuti iye achokera kuti. Kawirikawiri ayenera kukatenga yekha sutukesi. Tsono malo otengera katundu ali kuseri kwa chipata cha imigireshoni, ndiye kuti ayenera kulowa m'dziko limene anayesa kuti angodutsa, ndipo ngati dzikolo lifuna viza kwa Mmalawi, popanda viza salowa. Akalowa, adutse pa kasitomu, akaperekenso sutukesi kwa kampani yachiwiri asanatseke, ndipo ambiri amatseka kutatsala ora limodzi, kenaka adutse pa chipikisheni, adindetsenso pasipoti potuluka. Mzere uliwonse udya nthawi yache. Ndege yoyamba ikachedwa maora awiri, yachiwiri ipita, tikiti yache ifa, ndipo makampani ambiri amafafaniza ndi mbali yobwerera yomwe. Palibe kapitao womdyetsa kapena kumgoneka. Agule tikiti ina pa mtengo wa tsiku lomwelo, ali m'dziko la eni.

Palinso malo ena amene ngakhale wa tikiti imodzi ayenera kuchenjera. Ku America pafupifupi aliyense amadutsa pa imigireshoni pa bwalo loyamba limene watera, ndipo m'chaka cha 2003 analeka kulola anthu ofunika viza kuti adutse popanda viza. Maiko ambiri a ku Ulaya kuyambira 1995 ali mu mpanda umodzi wotchedwa Schengen, kotero kuti wosintha ndege ku Paris kupita ku Frankfurt walowa kale m'mpandamo ngakhale ulendo wache upitirira kwina. Britain inayamba kufuna viza kwa Amalawi m'chaka cha 2006, ndipo imaifunanso kwa ambiri ongodutsa. Mizinda ina ili ndi mabwalo angapo otalikirana, monga Heathrow ndi Gatwick ku London, ndipo wosintha bwalo ayenera kulowa m'dziko. South Africa imafuna khadi la katemera wa yellow fever kwa munthu amene wakhala maora oposa 12 pa bwalo la m'dziko limene muli nthendayo, ndipo Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu limenelo. Malamulo otere amasintha, choncho wofuna kuyenda akafunse ku ofesi ya kazembe wa dziko lililonse limene adzatsikamo, asanapereke ndalama za tikiti. Safunsa anadya phula.

MAU KWA ALIMI PA ZA KASITOMU

Mwana akamachoka timakonda kumpatsira mtedza, nyemba, usipa, ufa ndi nyama yofutsa, ndipo pobwera timamuuza kuti atitengere mbeu. Dziwani kuti maiko ambiri amaletsa zimenezi kapena afuna kalata ya a zaulimi. Wa matikiti awiri amaonetsa katundu wache ku kasitomu ya dziko la pakati ndiponso ya kumene ali kupita, ndipo chimene dziko lina lilola, linzache lilanda kapena kulipitsa. Chachikulu ndi kunena poyera zimene wanyamula, pakuti chilango chachikulu chimagwera wobisa.

Musayese kuti lamuloli ndi nkhanza chabe. Kodikodi amene anaononga chinangwa cha ku Nkhata Bay kuyambira m'chaka cha 1985 si wa kuno ai. Kwao ndi ku South America. Anaoneka koyamba mu Africa cha ku Kinshasa ndi Brazzaville m'chaka cha 1973, atabwera pa mitengo ya chinangwa yobzala, ndipo anafalikira mpaka kufika kunyanja kwathu, anthu nagona ndi njala. Munthu wa pa kasitomu amene alanda kamtolo ka mbeu ali kulondera munda wanu womwe.

NCHITO YA MAFUMU

Kale wopita kunja anali kudzera kwa nyakwawa asanapite kwa D.C. Lero mapepala atengedwa m'maofesi, koma mwana wamwambo amabwerabe kudzatsazika. Musangomdalitsa ai. Mkhazikeni pansi, mumfunse. Kodi tikiti ndi imodzi mpaka kumapeto, kapena alipo awiri? Ngati alipo awiri, sutukesi ukaitenga kuti? Dziko la pakatilo likulola kulowa? Pakati pa ndege ziwirizo pali maora angati, ndipo ndege ikakusiya uli ndi ndalama yogonera ndi yogulira tikiti ina? Wa matikiti awiri ndi bwino asiye theka la tsiku, kapena agone usiku umodzi, kusiyana ndi kuthamangira maora awiri.

Mfunseninso za masiku amene amlola kukhala. Mmalawi wopita kukacheza ku South Africa amapatsidwa masiku 30, ndipo kuyambira 2014 wopitirira masiku ache amaletsedwa kubwereranso kwa chaka chimodzi kufikira zaka 5.

Pomaliza mfunseni amene wamkonzera ulendo ndi amene akamlandira. Akathyali a pa Limpopo aja ali ndi adzukulu ao, amene lero amalonjeza nchito pa lamya, nagulira mtsikana tikiti, nakamlanda pasipoti atafika. M'chaka cha 2015 dziko lino linakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu, ndipo mfumu imene yaona zokayikitsa m'mudzi mwache ikanene kupolisi ulendo usanayambe. Pasipoti akhale nayo mwini wache nthawi zonse, ndipo chithunzi chache, pamodzi ndi dzina la malo amene apita, zitsale kunyumba kwa akuluakulu a banja. Makolo a machona analibe ndi pofunsira pomwe, koma inu muli napo ngati mwasunga mapepala amenewa.

Mau awa muwafikitse pa bwalo la milandu, kudambwe la achinyamata ndi kumsika, kuti amene alibe wailesi amvenso.